Masiku Amene Chithunzi Chinkatsukidwa ndi Madzi

Mdzukulu wanga anabwera tsiku lina kuchokera m'tauni atanyamula envelopu, nati, "Agogo, ndakatsukitsa zithunzi za pa chinkhoswe chija." Ndinazilandira ndi manja awiri, ndinaziyang'ana, kenako ndinazinunkhiza monga ndinazolowera kuyambira unyamata wanga. Sizinanunkhe kanthu. Ndinamufunsa kuti kutsukako kwatenga nthawi yaitali bwanji. Anati mphindi zosakwana khumi: wapereka foni, mnyamata wa pamakina wadina, mapepala atuluka ali ouma kale. Madzi sanakhudzepo ngakhale dontho.

Mawu aja anatsala, koma ntchito yake inapita. Mpaka lero Mmalawi aliyense amati "kutsuka zithunzi", ndipo ana obadwa dzulo sadziwa chifukwa chake timatero. Ine ndikudziwa, poti manja angawa anakhala m'madzi amenewo zaka zoposa 20. Amene anayamba kutchula ntchito yathu ndi mawu amenewa anaona patali. Anazindikira kuti pa ntchito yonse ya wojambula, mbali imene imagamula ngati chithunzi chidzafike kwa adzukulu ndi ija ya madzi, yochitika usiku, yopanda wokuombera m'manja. Ndikulemba kuti ndikumbuke masiku amenewo, ndiponso anthu awiri amene anandiphunzitsa kulemekeza madzi. Onse awiri anagona kale.

Ntchitoyi ndinaiphunzira kwa malume anga, mlongo wawo wa mayi. Iwo anatha zaka zambiri ku Halale m'nthawi ya Chitaganya, mpaka kumudzi anayamba kuwatchula kuti mtchona. Kumeneko analembedwa ntchito yosesa mu situdiyo ina, kenako anawakweza kuti azisungunula mankhwala, ndipo luso lonse la m'chipinda chamdima analiba ndi maso. Dziko litalandira ufulu mu 1964, anabwerera kwathu ku Zomba. Anzawo ankabwera ndi njinga, wailesi ndi masuti. Iwo anatsika basi ndi kamera ya Yashica ya maso awiri, kathanki kakuda kotsukiramo filimu, mabeseni atatu a enamulo, ndi kagalasi koyezera kutentha kwa madzi kamene anakakulunga m'sokosi ngati dzira. Achibale anakhumudwa. Ine ndekha ndinawamamatira, ndipo anandilandira.

Masiku amenewo mzinda wa Zomba ndiwo unali likulu la dziko, boma lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975, ndipo ofuna kujambulidwa sankasowa. Asilikali a ku Cobbe Barracks ankabwera atasita yunifolomu mpaka kuthwa ngati mpeni. Makalaliki a boma ankafuna kujambulidwa atagwira cholembera. Akwati, ana a ubatizo, amayi a Mvano, matimu a mpira, onsewo ankaima pamaso pa kamera yathu atauma gwa, osaphethira. Anyamata opita ku Joni pa Wenela ankasiya chithunzi kwa amayi awo, poti sankadziwa ngati mgodi udzawabweza. Chancellor College itasamukira ku Zomba mu 1973, ophunzira anawonjezera ntchito. Munthu wamba ankajambulitsa kamodzi kapena kawiri moyo wake wonse, choncho chithunzi chinali chuma, chosungidwa pamodzi ndi mtchatho ndi Baibulo.

Chipinda chathu chamdima chinali kachipinda kosungiramo makasu ndi matumba kuseri kwa nyumba. Zenera tinalitseka ndi makatoni, pakhomo tinapachika bulangeti lolemera. Malume ankandikhazika m'katimo mphindi zingapo ndili phee kuti maso azolowere, ndipo ndikaona kuwala ngakhale kochepa ngati diso la singano, tinkamatapo ndi dothi. Pepala la zithunzi limapirira nyali yofiira, koma filimu silola kuwala kwa mtundu uliwonse. Imafuna mdima wa ndiweyani. Mumdima umenewo zala ndizo zinkakhala maso: kumasula mpukutu, kusiyanitsa filimu ndi pepala lake lakumsana, kuilowetsa pang'onopang'ono m'kagudumu kake mpaka yonse itazungulira osakhudzana. Manja akachita thukuta filimu inkakakamira, ndipo mtima unkagunda, poti m'manja mwako muli ukwati wa eni ake umene sudzachitikanso. Chivundikiro cha thanki chikatsekeka, ndi pamene tinkayatsa nyali ndi kupumira m'mwamba.

Mankhwala oyamba ndi divelopa. Ife tinkagwiritsa ntchito D-76 wa Kodak, ufa wa m'paketi umene tinkakagula ku Blantyre pa basi ndi kuusungunula m'madzi ofunda. Ameneyu amafuna madigiri 20, ndipo nkhondo yathu inali pamenepo. Mu Juni, chiperoni chikakuta phiri, tinkaimika botolo m'beseni la madzi ofunda. Mu Okutobala, dzuwa likamaswa mtengo, tinkadalira mtsuko wadothi, poti madzi otungidwa m'mamawa n'kukhala pamthunzi amazizira okha. Ukathira divelopa umatembenuza thanki mofatsa, kuigogoda pathebulo kuti thovu lichoke pa filimu, maso ali pa wotchi. Nthawi ikakwana, khuthu, kenako madzi othira viniga pang'ono kuti divelopa aleke kugwira ntchito. Ophunzira ambiri ankaganiza kuti ntchito yathera pamenepa. Malume ankati apa ndi pamene yayambira.

Anandifotokozera motere. Pa filimu anapakapo ulimbo wa jelatini, wochokera ku mafupa ndi zikopa za nyama, ndipo mu ulimbomo muli timchere ta siliva tosaoneka ndi maso. Ukajambula, kuwala kumakhudza tina, tina n'kutisiya. Divelopa amadetsa tokhudzidwato, n'kukhala siliva wakuda amene ndiye chithunzi. Koma tosakhudzidwa tija timakhala tikadali maso, tikudikira kuwala. Ukatulutsa filimu panja nthawi imeneyo imaoneka yambuu ngati mkaka, ndipo dzuwa limaidetsa pang'onopang'ono mpaka chithunzi kukwiririka. Ntchito ya fikisa ndi kusungunula timchere totsalato, kuti pa filimu pakhale chithunzi chokha chimene kuwala sikungachisinthenso.

Fikisa wathu tinkamutchula kuti haipo. Ankaoneka ngati mchere wamiyala, ndipo ukamuthira m'madzi, madziwo ankazizira m'manja ngati a mumtsinje wa Mulunguzi nthawi yachisanu. Malume ankadziwa ndi mbiri yake yomwe. Ankati Mngelezi wina wa sayansi, John Herschel, ndiye anatulukira mu 1819 kuti mankhwala amenewa amasungunula mchere wa siliva, ndipo mu 1839 anauza anzake amene ankavutika ndi zithunzi zawo zoyamba zimene zinkada zikaona dzuwa. Kugwira chithunzithunzi cha chinthu papepala anthu anali atakudziwa kale. Chimene chinkawakanika ndi kuchiletsa kuthawa. Choncho ndikamamva fungo lowawasa lija, limene linkatsalira m'zala mpaka pa nsima, ndinkadziwa kuti ndagwira mzati umene ntchito yonse ya kujambula inatsamirapo.

Koma fikisa amatopa ngati munthu. Filimu iliyonse imamusiyira siliva, ndipo akakhuta amaleka kugwira ntchito bwino ngakhale m'botolo akuoneka chimodzimodzi. Malume anandiphunzitsa kumuyesa. Umadula kachidutswa ka kumapeto kwa filimu, n'kukaponya mu fikisa poyera, n'kuwerenga nthawi imene katenge kuti mkaka uja uchoke, kayere ngati galasi. Filimu yeniyeni uisiye m'menemo nthawi yowirikiza kawiri imeneyo. Tsiku limene kachidutswako kachedwe kuyera mowirikiza kawiri poyerekeza ndi tsiku limene fikisa anali watsopano, umutaye, usamumvere chisoni. Fikisa wotopa amasiya mu ulimbo muja zotsalira zimene madzi sangazichotse, ngakhale utatsuka usiku wonse.

Phunziro lalikulu linali lotsatira. Fikisa yemweyo amene wapulumutsa chithunzi, ukamusiya momwemo ndiye adzachiphe. Ali ndi sulufule m'kati mwake, ndipo akatsalira mu jelatini amadya siliva mwakachetechete, chaka ndi chaka, makamaka kumalo otentha ndi achinyezi ngati kwathu kuno. Chakuda chimasanduka chofiirira, kenako chachikasu, kenako nkhope imafufutika. Malume ankandionetsa malaya awo a ntchito: dontho la fikisa wogwiritsidwa kale likagwera pansalu silioneka tsiku lomwelo, limadzatuluka lofiirira ukachapa ndi kusita, ndipo silichokanso. Ndi mmenenso zilili pa filimu. Tsiku loyamba yotsukidwa bwino ndi yotsukidwa mwachinyengo sizisiyana. Mwini chithunzi amalipira, n'kupita akumwetulira. Bodza lako limadzaululika patapita zaka, iwe utaiwala ndi dzina lake lomwe. "Mphwanga," ankatero malume, "chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Amene adzakuweruze pa ntchito imeneyi sanabadwe."

Malangizo a Kodak ankati filimu ikhale pansi pa mpopi wothamanga mphindi 20 kapena 30. Ife mpopi m'nyumba tinalibe. Lamulo la malume linali lakuti madzi asinthidwe maulendo 6, ndipo ulendo uliwonse filimu ikhalemo mphindi 5, thanki ukuigwedeza. Madziwo akhale osefedwa pansalu yoyera, poti kamchenga kamodzi kamakanda filimu yonyowa. Akhalenso osasiyana kwambiri kutentha kwake ndi mankhwala, chifukwa ulimbo ukadzidzimuka umachita makwinya ngati khungu la ng'azi. M'nyengo yotentha tinkawonjezera alamu mu fikisa kuti ulimbo ulimbe, ndipo filimu yotero imachedwanso kutaya haipo. Nthawi zina malume ankasungunula kambewu ka pamanganeti, uja ankatsukira zilonda kuchipatala, mpaka madzi aoneke ngati maluwa a jakaranda, n'kudontheza m'menemo madzi ochokera pa filimu. Mtundu ukasintha, ndiye kuti haipo akadalipo, tibwererenso kumadzi.

Nditakwatira, cha m'ma 1971 pamene kwacha ndi tambala zinkalowa m'malo mwa mapaundi ndi masheleni, malume anandisiyira zipangizo n'kupita kumudzi kukapuma. Apa ndi pamene ntchito ya madzi inagwera m'manja mwa malemu akazi anga. Anthu ankayamika ine m'misewu, koma chithunzi chilichonse cha manja anga chimene chatsala m'nyumba za ku Zomba chinadutsa pamutu pa mayi amenewo. Ankadzuka nkhuku zisanatsike, nkhata pamutu, maulendo anayi kapena asanu kumpopi wa m'mudzi, kuti pofika madzulo mitsuko ikhale yodzaza ndi yozizira. Mvula ikagwa ankatchera mabeseni pansi pa malata, koma madzi oyamba ankawataya chifukwa cha fumbi la padenga. Sanapite patali ndi sukulu, koma lamulo la haipo analimvetsa kuposa anyamata onse amene ndinawaphunzitsa.

Anali ndi nyemba zawo 6 m'kambale. Usiku, m'mudzi muli zii, ankakhala pakampando pakhomo la kachipinda kaja. Ndikathira madzi atsopano m'thanki, iwo ankachotsa nyemba imodzi m'kambale n'kuiika pansalu yawo. Tulo tikandigwira ndinkayesa kuzemba: "Mayi, yayera imeneyi, tiyeni tikagone." Iwo ankangosuzumira m'kambale. "Bambo, nyemba ziwiri zikadalipo. Madzi ndinatunga ndine, musawamvere chisoni." Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ife awiri wodekha anali iwowo. Pakati pa nyemba ndi nyemba pali mphindi 5 zopanda chochita, ndipo m'mphindi zimenezo ndi momwe tinakambirana zonse za pakhomo: za fizi, za feteleza, za odwala kumudzi, za mayina a ana amene anali asanabadwe. Ndikaganiza lero, banja lathu linamangidwa m'mipata ya nyemba zimenezo.

Nyemba yomaliza ikachoka, tinkathira madzi otsiriza okhala ndi timadontho ta Photo-Flo, kuti atsetsereke osasiya mawanga. Kenako ndinkatulutsa filimu m'kagudumu, iwo atanyamula nyali. Ha, nthawi imeneyo! Mpukutu wonyowa, wonyezimira, timazenera 12, m'kati mwake anthu a nkhope zoyera ndi mano akuda, mkwatibwi atavala diresi lakuda bii. Iwo anaphunzira kuwerenga nkhope zotembenuzikazo, ndipo ankazindikira munthu ine ndisanamuzindikire. Tinkapachika filimu pachingwe ndi zopanira zovala, china kumwamba china kumunsi kuti iwongoke, titawaza madzi pansi kuti fumbi lisauluke. Chitseko chinkatsekedwa mpaka m'mawa, ndipo tikamagona tinkamva madontho akugwera m'beseni, tho, tho, tho.

Mapepala ankafuna madzi ochuluka kuposa filimu, poti pepala lakale lija linkamwa haipo ngati thonje. Linkafuna ola lathunthu, madzi kusinthidwa maulendo 12. Anyamata ena a ntchito yathu ankadula njira, kuviika kawiri n'kuyanika, kuti apereke msanga ndi kulandira ndalama. Ndikafuna kuwadzudzula ndinkawakumbutsa za Mungo Murray Chisuse wa ku Mishoni ya Blantyre, mmodzi wa anthu akuda oyambirira kugwira kamera m'dziko muno, amene anajambula John Chilembwe ndi banja lake nkhondo ya 1915 isanabuke. Tchalitchi cha Chilembwe ku Mbombwe asilikali anachigwetsa, mwini wake anaphedwa, koma nkhope yake tikuidziwa mpaka lero, ndipo tinaiona pa ndalama zathu. Zithunzi zimenezo zapyola zaka 100 chifukwa wina anaima pa beseni la madzi osatopa, m'chipinda mmene munalibe womuona.

Ndikulemba zonsezi ngati munthu amene lamuloli analisunga masiku onse. Sindinatero. Ndinaliphwanya kamodzi, ndipo kamodziko ndiko kandiliza mpaka ukalamba uno.

Mwana wathu woyamba anali wamkazi. Atayamba kuyenda, mayi ake anandikakamira: "Bambo, ana a eni mukuwajambula tsiku ndi tsiku, wanu yekha ndiye alibe nkhope?" Filimu inali yodula, ndipo ndinkangoti mawa. Loweruka lina mu Okutobala, ndisanapite kukajambula ukwati, ndinatsegula mpukutu watsopano n'kuuthera wonse pa iye: akudzandira pabwalo, atagwira chitenje cha mayi ake, akuseka ndi timano take tinayi. Nditabwerako madzulo ndinapeza uthenga wa maliro unafika, mayi atabereka mwana kupita kwawo. Mpopi unali utauma masiku awiri. M'nyumba munali ndowa imodzi yokha ya madzi, ndipo ine ndinali ndi mafilimu atatu a ukwati, yachinayi ya mwana wanga.

Ndinayamba ndi a eni ake, poti anali atalipira kale. Iliyonse inalandira maulendo ake 6, nyemba ndikusuntha ndekha. Pofika pa ya mwana, fikisa anali atatopa. Kachidutswa koyesera kanachedwa kuyera, ndinaona ndi maso angawa, koma paketi ina inali ku Blantyre. Madzi anakwana maulendo awiri okha. Ndinaipenya pa nyali, inali yokongola, timano tija tikuoneka bwinobwino. Ndinadziuza kuti ndi yapakhomo, Lolemba ndikagula haipo watsopano ndidzaibwezera mu fikisa ndi kuitsukanso. Zimenezo zimatheka; filimu ikadali yatsopano umatha kuikonza motero. Mayi atabwera ndinawasindikizira kachithunzi kamodzi mwachangu ndi mankhwala omwewo, kongoti aone, ndipo anakondwa. Za nyemba sindinawauze. Lolemba linadza ndi ntchito zake, kenako maukwati a pa Khirisimasi, kenako mvula. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Mwezi wa Febuluwale chikuku chinalowa m'mudzi, ndipo mwana wathu anali mmodzi wa ana amene chinawatenga. Titabwera kumanda, mayi ake anasonkhanitsa timadiresi take, kakapu kake, kachithunzi kaja ndi envelopu ya manegetivu, n'kutsekera zonse m'bokosi lachitsulo pansi pa bedi. Sanafune kuziona, inenso ndinalibe mtima wozipempha. Bokosilo linakhala motsamira khoma limene linkanyowa dzinja lililonse. Mulungu anatipatsa ana ena, ndipo onsewo ndinawajambula ndi kuwatsukira mpaka nyemba yomaliza. Koma bokosi lija silinatsegulidwe zaka zoposa 10.

Tsiku lina madzulo, mayi akusankha mpunga palichero, anangoti, "Bambo, nkhope ya mwana uja yayamba kundithawa m'mutu. Ndisindikizireni chithunzi chachikulu." Tinatsegula bokosi. Kachithunzi kaja kanali kachikasu ngati tsamba la fodya, mawanga ali ponseponse. Ndinathamangira ku manegetivu ndili ndi chiyembekezo, koma anali ofiirira, ena atamatirana. Pa negetivu, nkhope ya munthu wakuda imakhala ndi siliva wochepa, ndipo wochepayo ndiye amayamba kudyeka. Ndinasungunula fikisa watsopano, ndinatsuka usiku wonse, ndinayesa pepala ili ndi ilo. Maluwa a pa chitenje cha mayi anatuluka. Kadzanja kogwira chitenjecho kanatuluka. Pamene panali nkhope panangotsala mtambo.

M'mawa mwake ndinawauza zonse. Sanakalipe, sanalire mokweza. Anandifunsa funso limodzi: "Nyemba zinatsala zingati m'kambale?" Ndinati zinayi. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Mukanandidikira, bambo. Ndikanatunga." Nkhaniyo sanaitchulenso mpaka tsiku limene anatisiya. Madzi akatayika saoleka. Ana a anthu osawadziwa ndinawasungira nkhope zawo mpaka lero, koma wanga ndinamuika m'manda kawiri, kachiwiriko ndi manja anga.

Kenako dziko linasintha. Makina otsuka zithunzi zamitundu anafika m'mizinda, ndipo anthu anayamba kunyoza zakuda ndi zoyera kuti n'zachikale. Mankhwala anayamba kusowa m'masitolo. Anzanga ena anasanduka amtengatenga, kusonkhanitsa mafilimu m'midzi n'kukapereka ku makina, ena anangosiya. Pambuyo pake kunabwera makamera a dijito ndi mafoni. Ndinamva kuti Kodak analeka kupanga mapepala a zithunzi zakuda ndi zoyera mu 2005, ndipo mu 2012 kampani yaikulu ija inamira m'ngongole mpaka kukapempha chitetezo kukhoti. Mabeseni a enamulo aja anasanduka omwera nkhuku. Zenera la kachipinda kaja tinalitsegula, mdzukulu wina amagonamo. Amene ndinkatha kukamba nawo za fikisa wotopa onse anatsogola, ndipo ndikatchula mawu akuti haipo palibe wocheuka.

Mdzukulu wa envelopu uja, ataona kuti nkhaniyi yandikhudza, anafufuza pa intaneti. Anandiuza kuti mafilimu a Ilford akupangidwabe ku Mobberley, ku England, ndiponso kuti achinyamata ena ku London ndi ku Johannesburg abwerera ku filimu, akutsukira m'mabafa a nyumba zawo. Anandiwerengera njira yosawononga madzi imene kampaniyo imalangiza: dzaza thanki, itembenuze maulendo 5, taya, dzazanso, maulendo 10, taya, dzazanso, maulendo 20, taya, basi. Thanki ya filimu ngati yanga imalowa theka la lita, ndiye kuti lita imodzi ndi theka yakwanira. Ndinamuuza kuti abwereze, ndipo misozi inatsika yokha. Ndowa ya usiku uja ikanakwanira mafilimu onse anayi. Koma sindidzinamiza. Njirayo imafuna fikisa wamphamvu, wopanda alamu, pamene wanga anali wotopa, ine ndikudziwa. Ndipo madzi anabwerera kumpopi sabata yomweyo. Amene anafufuta nkhope ya mwana wanga ndi mawa wanga uja.

Masiku ano ndimayenda m'maliro kwambiri, monga achitira okalamba. Kawirikawiri pakhoma la nyumba ya siwa ndimaona chithunzi chakuda ndi choyera, msilikali wachinyamata kapena mkwatibwi wamanyazi, ndipo ndimachizindikira ndi nsalu ija tinkapachika kumbuyo kwa ojambulidwa. Chakuda chikadali bii, choyera chili mbee. Adzukulu amene sanamuone munthuyo ali mnyamata amachipatsirana, akuloza mphuno ndi maso zofanana ndi zawo. Oweruza aja malume ankanena abadwa tsopano. Sadziwa dzina langa, ndipo la mayi amene anasenza madzi ake sadzalimva n'komwe. Ndimakhala pansi ndi kuwathokozera mayiwo mumtima mwanga. Kambale kawo ndikadali nako. Nyemba zinafumbwa kalekale, koma sindinazitaye.

Ana anga, inu amene zithunzi zanu zili zikwizikwi m'foni, sindikukuuzani kuti mubwerere kumdima ndi mabeseni. Ndikukupemphani zochepa. Pitani kumudzi mukatsegule mabokosi ndi masutikesi a makolo anu dzinja lisanafike. Zithunzi ndi manegetivu muzichotse pafupi ndi khoma lonyowa, muziike pouma ndi pozizira, chilichonse m'pepala lake. Zimene zayamba chikasu muzijambulenso lero, poti chikasu sichibwerera m'mbuyo. Funsani agogo akadali moyo kuti uyu ndani, mulembe dzina kumbuyo ndi pensulo. Za m'foni zimene mumazikonda muzisindikize, chifukwa foni imatayika ndipo imafa. Wina mwa inu akadzagwira thanki ndi fikisa, ayese mankhwala ake asanathire, atsuke mpaka madzi omaliza, ndipo filimu ya apabanja pake ayambe ndi imeneyo, asaisiyire mawa.